Kabaji pa Diresi la Terika

Moruroa, 14 Meyi 1966

Wokondedwa Tekura,

Akuluakulu anatisonkhanitsa Lachiwiri n'kutipatsa mawu oti aliyense alembere kwawo. Mawuwo ndi awa: bomba silidzaphulitsidwa pokhapokha mphepo ikulowera kunyanja kopanda anthu. Fumbi lake silidzagwa pachilumba chilichonse chokhala anthu, ndipo mwana wa ku Motuhina sadzalandira cheza choposa chimene amalandira kale kudzuwa la Mulungu. Ndalemba monga ananenera, osachotsa, osawonjezera. Uwawerengere amayi ndi akatekisiti.

Tsopano moni. Ine kuno ndili bwino, kaya iwe ndi Terika, kaya amayi ndi bondo lawo lija? Umuuze Terika kuti bambo ake akudziwa kuti wakwanitsa zaka zinayi, ndipo diresi lija sanaiwale.

Simenti ndinasiya kusenza. Bwana wina anandipeza ndikuwerenga pepala lokutira sopo, n'kufunsa sukulu yanga, ndipo tsopano ndili mu ofesi ya dokotala. Zaka zonse zija kwa abambo a mishoni zandigulira mpando ndi mthunzi. Ntchito yanga ndi ya timabaji. Ndi kanthu kakang'ono ngati bokosi la machesi, munthu amakabaya pamalaya. M'kati muli filimu yonga ya kamera. Cheza cha bomba sichioneka, sichinunkha, koma chikadutsa pamunthu filimuyo imada. Kutha kwa mwezi ndimatolera timabaji tonse, dokotala amayeza kuda kwake n'kutchula nambala, ine n'kulemba m'buku pa dzina la mwini wake.

Pakomio, wa ku Reao uja tinabwera naye sitima imodzi, ali m'gulu losesa kumalo ophulitsira. Kake amakapsompsona m'mawa uliwonse.

"Iwe mlembi, kandisamalire bwino kamkazi kangaka," amatero pobweza. "Kamayamwa poizoni m'malo mwanga. Wanga wakunyumba amangoyamwa malipiro."

"Nanga kakakhuta?"

"Undipatsa kena. Boma silisowa akazi."

Anthu a kuno ndi otero. Tikudya nyama ya m'chitini m'mawa, masana ndi madzulo, moti Pakomio akuti posachedwa tizitsegulidwa ndi kiyi.

Ndatumiza mafaranki zikwi zisanu ndi zitatu. Ugule malata otsala aja kwa Mtchaina, ndipo achimwene ako amalize ngalande yochokera padenga kupita kuthanki mvula isanabwere. Asakunamize kuti misomali yatha. Ili m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Ndatopa n'kuganiza za mwana wanga akumwa madzi amchere a pachitsime pamene bambo ake ali pantchito ya boma.

Ndine mwamuna wako,
Tehiva

Moruroa, 11 Juni 1966

Wokondedwa Tekura,

Moni nonse. Ndili bwino. Ndamva kuti denga latha ndipo anthu akudzaima panjira kuliona. Asiye aone, sitinabe.

Kalata iyi sidutsa kupositi. Ndapatsira Tuteina, mwana wa azakhali ako, amene tsopano akuphika m'sitima ya katundu. Komabe zikwama amazisecha, ndipo tonse tinasaina pepala lonena za ndende, choncho uwerenge mosathamanga.

Diresi la Terika ndi ilo, lachikasu chifukwa lofiira linatha. M'thumba mwake muli kanthu kaja ndinakuuza. Ndinakapeza katatsala m'bokosi, ndipo zotsala za boma sizilira mayi. Usakatsegule, usakanyowetse, usakaonetse wapolisi. Kakhale panja, pafupi ndi pamene mumakhala. Tuteina akadzabweranso mu Ogasiti, udzamupatse kuti andibweretsere.

Sabata yatha ndinalongedza katundu wopita kwa asilikali oyeza mphepo kwathuko. Ku Motuhina kuli anthu zana ndi makumi asanu ndi anayi, ndi asilikali atatu. Timabaji ndinalongedza titatu. Munalinso mabokosi khumi a madzi a m'botolo. Mwina asilikali sakonda madzi amvula. Anthu amasiyana m'kamwa.

Mabwana a kuno ankawedza Lamlungu lililonse. Asiya. Akuti nsomba zawakola.

Mwezi wa Julaye mwana azimwa madzi a kokonati. Amakoma, ndiponso ndi nyengo yake. Thanki uivindikire, ndi yatsopano, simenti ikhwime kaye. Nkhono za m'nyanja ya m'kati muzisiye zikule. Ndikudziwa kuti uziti mwamuna wako wayamba kulamula za kukhitchini ali kutali, koma undimvere ulendo uno wokha.

Mpunga ndi shuga zili m'thumba lachiwiri. Fodya ndi wa amayi, asagawire mpingo wonse.

Tehiva

Moruroa, 10 Julaye 1966

Wokondedwa Tekura,

Moni. Ndili moyo, ndili ndi maso onse awiri. Kaya inu kumeneko?

Zija tinadzera zachitika. Anatikweza tonse m'sitima n'kutipititsa kutali. M'mawa mwake anatikhazika pansi, misana kuchilumba, mitu m'mawondo, manja kumaso. Ndinatsinzina ndithu, koma kuwala kunalowabe, moti ndinaona mafupa a zala zanga ngati minga ya nsomba. Kunali zii kwa nthawi, kenaka kunabwera kugunda kumene sindidziwa kukufanizira ndi chiyani. Atatilola kucheuka, mtambo unali utaima panyanja ngati mtengo umene palibe anaubzala.

Mabwana anawomba m'manja n'kutsegula vinyo. Ife anatipatsa mowa botolo limodzi limodzi. Pakomio anayang'ana mtambowo n'kuti, "Amenewa akanakhala ophika, sindikanadya kwawo." Sanaseke ndi mmodzi yemwe, ndipo naye botolo lake sanalimalize.

Atiuza kuti zonse zinayenda monga anakonzera, ndipo mphepo inamvera. Ndikukhulupirira, popeza iwo ali ndi makina. Ine ndinali ndi mbendera ya pasitima yokha, ndipo mbenderayo sinapite kusukulu. Masana onse inkaloza kumene ndimayang'ana ndikakusowa.

Undiyankhe izi, ngakhale zioneke zopusa. Kodi mvula inagwa sabata yoyamba ya mwezi uno? Tsiku liti? Terika anali kuti? Asilikali atatu aja ankayenda panja kapena anadzitsekera? Thanki ili chivindikirire?

Ndalama za mwezi uno zibwera ndi sitima yotsatira. Nkhumba ija musaigulitse, mtengo ukwera Khirisimasi ikayandikira.

Mumpsompsone mwana.

Tehiva

Moruroa, 28 Ogasiti 1966

Tekura,

Moni. Thupi lili bwino.

Tuteina wafika ndi kalata yako ndi kanthu kaja. Ndawerenga kanayi. Ulendo woyamba ndinakwiya nawe, wachiwiri ndi amayi. Kuyambira wachitatu ndilibe wina womukwiyira.

Ukuti mvula inagwa usiku wonse patapita masiku awiri bomba litaphulika, itatha miyezi iwiri osagwa, ndipo amayi anati kuvindikira thanki pamvula yotere n'kunyoza Mulungu. Ukuti thanki inadzaza, ndipo nyumba zisanu ndi ziwiri zinadzatunga kwathu chifukwa madenga awo a masamba sasunga madzi. Ukuti ana anasamba pansi pa ngalande, Terika patsogolo, popeza ngalandeyo ndi ya bambo ake.

Ndipo ukuti simunaope chilichonse, chifukwa amayi anali atabaya kabaji padiresi la mwana, pambali pa mendulo ya Maria, ndipo sikanachoke pamenepo usana ndi usiku, kupatula posamba. Ndikuwamva mawu awo ngati ndinalipo: "Mkamwini wathu ndi wophunzira. Akuti kamada m'malo mwa munthu. Ndiye tikapachike pamtengo, tikuteteza mtengo?"

Tekura, kanthuka sikateteza. Ndi sikelo. Sikelo siichepetsa kulemera kwa nkhumba, imangotchula. Zopsompsona zija zinali nthabwala za Pakomio, ndipo ndinazilemba kuti useke. Ndinkayesa kuti aliyense aona kuti n'zoseketsa. Za thanki ndinazikulunga m'simenti yosakhwima, za nsomba ndinazikulunga m'kukola kwa mabwana, ndipo ndinadziona wochenjera kwambiri kuti wosecha sagwira kanthu. Sanagwiredi. Ngakhale iwe sunagwire. Mawu asanu akanakwana: mwana asamwe madzi a padenga. Ndinaopa ndende.

Amayi usawauze zimenezi. Anachita zimene amachitira mwana aliyense amene amamukonda.

Ukuti Terika wasiya kutsegula m'mimba koma tizilonda ta m'mutu tikadalipo, ndiponso kuti ana a kwa Mapuhi, oyandikana nafe aja, nawo anadwala chimodzimodzi. Mwina ndi nsomba, monga ananenera wapolisi. Chaka chilichonse pamakhala nsomba yoipa. Komabe thanki muikhuthule yonse, muitsuke, denganso mulitsuke, ndipo amene afunse mumuuze kuti munagwera khoswe.

Kabaji ndakaika pakati pa ta Julaye timene dokotala sanayezebe, pa nambala yanga. Kanga kenikeni kali pansi pa nyanja. Tiona zimene sikelo itchule.

Tehiva

Moruroa, 9 Okutobala 1966

Wokondedwa Tekura,

Moni kwa iwe ndi amayi. Nkhani yoti Terika wayambanso kudya ndi kuthamangitsa nkhuku yandigonetsa tulo koyamba chichokereni Julaye. Tsitsi limera, asadandaule. Ndatumiza kansalu ka kumutu.

Lachinayi dokotala anandiitana. Si munthu woipa. Amandipatsa ndudu ndipo dzina langa amalitchula pafupifupi molondola. Filimu inali patebulo pake.

"Tehiva, mwezi wa Julaye unapita kuti?"

"Kusitima ndi anzanga, Dokotala. Kenaka pampando uwu."

"Sunapiteko kumalo osesa? Kokaona mnzako wolongolola uja?"

"Amabwera yekha, Dokotala. Samasowa."

"Kabaji kako unakasiya padzuwa? Pafupi ndi mbaula? Kananyowa?"

Ndinati mwina kananyowa. Nkhope yake inamasuka ngati ya munthu amene wapeza nsapato yake ina.

"Basi ndi zimenezo. Chinyezi chimadetsa filimu. Lemba kuti yawonongeka."

Ndinafunsa kuti munthu filimu yake ikawonongeka, nambala yake timaidziwa bwanji. Anati n'zosavuta: timayang'ana anzake ogwira naye ntchito imodzi, n'kumupatsa yofanana ndi yawo. Anzanga a mu ofesi ndi awiri, ndipo onse ali ndi ziro. Choncho ndinatenga cholembera n'kulemba ziro, ndi dzanja langali, mwaukhondo monga anandiphunzitsira abambo a mishoni.

Popeza anali wokondwa, ndinafunsanso ngati munthu wongofuna kuphunzira. Ndinati, nanga anthu a m'zilumba amene alibe timabaji, awo mumawayeza bwanji? Anatambasula mapu. Anandionetsa pamene bomba linaphulikira, n'kujambula ndi pensulo chinthu chonga tsamba la nthochi, kuloza kumene mphepo inayenera kupita. Amene ali m'kati mwa tsambalo amawawerengera malinga ndi mtunda ndi maola. Amene ali kunja, palibe chowerengera.

"Kwanu n'kuti?"

Ndinaloza.

"Waona? Kunja. Ndi chala chathunthu."

"Nanga ta asilikali atatu a kumeneko tinati bwanji, Dokotala?"

"Timeneto sitidutsa muno," anatero, akupinda mapu. "Uli ndi mafunso ambiri lero. Ukufuna ntchito yanga?"

Tinaseka tonse awiri.

Choncho m'buku la boma mwalembedwa ziro. Ukafunsa zimene filimu inatchula asanaitche yowonongeka, pepala linali mozondoka ndipo sindinaone bwino. Mwana wachira, tisakumbe.

Andipempha kusainanso zaka ziwiri. Ndikuganiza zovomera. Kopra, kokonati wouma timagulitsa uja, sangatipatse ngakhale theka la zimene ndikulandira kuno, ndipo Terika adzafunika sukulu ya ku Papeete. Komanso munthu amene ali pafupi ndi mbendera amadziwa tsiku lovindikira thanki. Ulendo wina ndidzalemba mawu asanu aja poyera.

Tehiva

Moruroa, 16 Febuluwale 1969

Wokondedwa Tekura,

Moni. Ndikhulupirira kalata iyi ikupeza kwa msuweni wako ku Papeete, ndipo akukusungani bwino. Umuthokoze, ndipo uzigulako buledi ndi gasi kuti mkazi wake asayambe kuwerenga mbale.

Nditabwera patchuthi mu Novembala ndinaona mabala akuda aja m'miyendo mwa Terika, ndipo ndinavomerezana nawe kuti ndi kukwera mitengo. Ndinaonanso kuti akafika pa tchalitchi amakhala pansi kupuma. Ndinaona zonse. Kuona ndiye ntchito imene ndimaitha.

Ukuti magazi a m'mphuno sakusiya, ndipo amuika magazi ena kawiri. Ukuti dokotala wa ana, wamkazi uja, anakufunsa ngati mwanayo anakhalapo pafupi ndi zoyesa mabomba, ndipo atatumiza funso kwa asilikali yankho linabwera lakuti Motuhina ili kunja. Ukufunsa ngati pepala langa lingathandize kuti amutumize ku Faransa, monga amachitira ndi ena.

Ndinayesa. Dokotala wakale uja anabwerera kwawo. Watsopanoyu ndinamuuza kuti ndikufuna kuona filimu yanga ya Julaye 1966. Anatsegula buku n'kundionetsa ziro.

"Analemba ndani apa?"

"Ine, Dokotala."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

Mafilimu owonongeka amawatentha chaka chikatha. Ndinkadziwa, chifukwa amene amanyamula bokosi kupita nalo kung'anjo ndine.

Ndinaima pakhomo pake nthawi yaitali ndikuganiza zomuuza zonse. Ndikanena, ndine wakuba katundu wa asilikali wopanda umboni, ntchito yatha, ndipo mankhwala amene ukugula kunja kwa chipatala agula ndani? Ndikapanda kunena, ndine chimene ndili. Ndinatseka chitseko bwinobwino n'kubwerera pampando.

Pakomio anaona nkhope yanga, sanafunse. Madzulo anabwera ndi chipewa chodzaza ndalama za gulu lake. "Tenga, mlembi. Ukakana ndikumenya, ndipo ukudziwa kuti sunamenyepo ngakhale ntchentche." Ndazitumiza pamodzi ndi zanga.

Tchuthi andikaniza mpaka Meyi, akuti tikukonzekera nyengo ina ya mabomba. Umuuze Terika kuti chidole chotseka maso chija ndachipeza, chikubwera ndi Tuteina. Ngati akufuna ayisikilimu, mugulire, ngakhale kawiri patsiku.

Tehiva

Moruroa, 27 Epulo 1969

Tekura,

Ndayamba kalata iyi katatu, ndipo pamalo a moni sindikupeza cholemba. Ndikudya. Ndikupita kuntchito.

Telegalamu inafika Lolemba, mutamuika kale Terika m'manda Loweruka. Inakhala masiku atatu mu ofesi ina kudikira sitampa. Tuteina wandiuza zotsala: kuti munamuveka diresi loyera la Ukaristia woyamba limene sanafike polivala, ndipo kuti amayi sakulankhula ndi munthu. Wachita bwino kumuika ku Papeete. Ndidzabwera mu Meyi ndi simenti. Mchenga woyera wa pamanda ndikufuna uchokere kwathu, kugombe la kuseri kwa tchalitchi. Uwauze achimwene ako atumize matumba awiri.

Sindidziwa ngati chinamupha ndi mvula ija. Dokotala wako wamkazi sadziwa. Ana amadwala magazi ngakhale kumayiko kumene bomba sanalimvepo. Ndazungulira nazo mbali zonse monga wophunzira, ndipo palibe mbali imene munthu angagonere.

Ntchito ndasiya. Ndapereka kalata dzulo. Anandifunsa chifukwa, ndinati maso.

Kalata yako ili ndi mzere umodzi wokha, ndipo ndiuyankha. Ukuti unakhala nane zaka khumi, ndipo sunaonepo pepala limene ndinalephera kuliwerenga chifukwa chozondoka. N'zoona. Ndinakunamiza. Ndinkati mwana wachira, nambala ikhale ndi ine ndekha.

Ndawerenganso pepala lija la mu Meyi 1966 lonena kuti fumbi silidzagwa pachilumba chokhala anthu. Likadali pakhoma la ofesi, analiika m'galasi. Tsopano nambala ndi izi. Mwezi wa Julaye uja Pakomio ndi gulu lake anasesa masiku khumi ndi awiri pafupi ndi pamene bomba linaphulikira, atavala zovala za mphira ndi zophimba kumaso. Kabaji ka Pakomio kanatchula 60.

Ka padiresi la Terika kanatchula 410.

Tehiva